Foni ya ma core 8 ikamachedwabe: mmene kompyuta imagawira ntchito

Amalume anga amapikula kachewere ku Tsangano ndi pa Lizulu n'kumakagulitsa ku Blantyre. Mwezi wathawu anagula foni yatsopano, wogulitsayo atawalozera pa bokosi pomwe analemba kuti muli ma core 8. Sipanathe masabata atatu, anandipeza ku Dedza boma foni ili m'manja.

"Mphwanga, iwe umaphunzitsa ana za makompyuta. Tandiuza, ngati m'menemu muli mainjini 8, bwanji ndikati nditsegule WhatsApp imayamba yaganiza kaye ngati nkhalamba pa bwalo la milandu?"

Ndinaseka, koma funso lawolo silopepuka. Wogulitsa uja sananame, ma core alimodi 8. Chomwe sananene, mwina chifukwa nayenso sachidziwa, n'chakuti liwiro la foni kapena kompyuta nthawi zambiri silichokera pa kuchuluka kwa ogwira ntchito. Limachokera pa mmene ntchitoyo yagawidwira, ndi kutalika kwa nthawi yomwe ogwira ntchitowo amataya podikirana. Wogawa ntchitoyo ndi operating system, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, kaya ndi Android, Windows kapena Linux, ndipo ambiri sitimuona n'komwe.

Mukatsegula pulogalamu, operating system imaipatsa malo akeake mu memori. Pulogalamu yomwe ili pa ntchito, pamodzi ndi malo akewo, imatchedwa process. Muiyerekeze ndi khomo la munthu pamudzi: lili ndi nkhokwe yake ndi mpanda wake, woyandikana naye sangangolowa n'kutapa chimanga. N'chifukwa chake pulogalamu ya masewera ikasokonekera sisokoneza ya banki. Koma mpanda sugwira ntchito, amagwira ndi anthu a pakhomopo. Anthuwo ndiwo ma thread. M'Chingerezi mawuwa amatanthauza ulusi, ndipo thread ndi mndandanda umodzi wa malangizo omwe amatsatidwa limodzi pambuyo pa linzake. Mu pulogalamu yotumizirana mauthenga mumakhala thread yojambula zomwe mukuona ndi kumva pomwe chala chanu chagunda, ina yodikira mauthenga pa netiweki, ina yotsitsa zithunzi, ina yosunga zomwe zabwera.

Chomwe thread iliyonse ili nacho chakechake n'chochepa: chikumbutso cha pomwe yalekezera, manambala angapo omwe yagwira m'manja panthawiyo, ndi kamalo kolembapo zinthu zosakhalitsa kotchedwa stack. Zina zonse ndi za pakhomo ponse. Onse amatapa mu nkhokwe imodzi, ndipo ubwino wa ma thread ndi mavuto ake omwe zimachokera pamenepa.

Chigayo chimodzi, matumba masauzande

Core ndiyo imagwira ntchito yeniyeni yowerengera mkati mwa purosesa, ubongo wa foni kapena kompyuta. Ili ngati chigayo, imagaya thumba limodzi panthawi imodzi. Amene muli ndi laputopu ya Windows, tsegulani Task Manager, pitani pomwe akuonetsa za purosesa. Mupeza kuti ma process ndi 100 kapena 200, ma thread ndi masauzande, pomwe ma core mwina ndi 4 okha. Ana a sukulu ndikawaonetsa nambala imeneyi amayamba aganiza kuti kompyuta yadwala.

Chinsinsi chake n'chakale. M'chaka cha 1961, gulu la Fernando Corbató pa sukulu ya MIT ku America linaonetsa njira yotchedwa CTSS, yomwe kompyuta imodzi inkatumikira anthu angapo powapatsa kanthawi kochepa aliyense mosinthanasinthana, mwachangu kwambiri moti aliyense ankaona ngati makinawo ndi ake yekha. Mpaka lero ndi zomwe zimachitika. Gawo la operating system lotchedwa scheduler limapatsa thread kanthawi pa core, mamilisekondi ochepa kapena makumi angapo (milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi), kenaka limaichotsa n'kuikapo ina. Pa chigayo chenicheni zimenezi zingabutse ndewu. Taganizani mnyamata wa pachigayo akugaya kapu imodzi ya chimanga chanu, n'kuimitsa, kapu imodzi ya mnzanu, n'kuimitsa, mpaka mzere wonse, kenaka n'kubwereranso kwa inu. Koma akanamachita zimenezi kambirimbiri pa sekondi imodzi, aliyense akanaona ufa wake ukutuluka mosalekeza.

Nanga thread ikakana kuchoka? Poyamba pa makompyuta a m'nyumba limeneli linali vuto lenileni. Pa Windows 3.1 ya 1992, ndi pa makompyuta a Apple asanabweretse Mac OS X mu 2001, pulogalamu inkayenera kupereka mpata yokha mwa kufuna kwake. Imodzi ikakakamira, makina onse ankaima, mwini wake n'kungozimitsa. Masiku ano zimenezi sizidalira ulemu wa pulogalamu. Muli kawotchi komwe kamalira kambirimbiri pa sekondi, ndipo kakalira core imasiya chomwe ikuchita n'kubwerera kwa operating system, kaya thread ikufuna kaya sikufuna. Operating system imalemba pomwe thread ija yalekezera, imasunga manambala omwe inali nawo m'manja, n'kuona ngati nthawi yake yatha.

Pali china chomwe chimapangitsa masauzande aja kukwanira, ndipo ndicho chofunika kwambiri pa nkhani ya amalume. Ma thread ambiri samakhala pa mzere. Amakhala akugona. Pa chigayo pali amene chimanga chake chili m'makina, pali amene aima pa mzere thumba lili pamapazi, ndiye pali amene anasiya thumba n'kupita kukasaka ndalama kapena akudikira mphale iume. Omalizawa mnyamata wa pachigayo sawawerengera mpaka atabwerako. Thread yodikira uthenga pa netiweki, yodikira fayilo iwerengedwe, yodikira chala chanu, yonseyi ili m'gulu lachitatu. Siidya nthawi ya core ngakhale pang'ono. Chomwe ikudikiracho chikafika, operating system imaidzutsa n'kuibwezera pa mzere. Ndiye mutha kuona ma thread 2,000 purosesa ikugwira ntchito ya 3 peresenti yokha. Mutha kuonanso foni ikuchedwa kwambiri ma core ake ali khale, chifukwa thread yomwe inu mukuifuna ikudikira chinthu china chosakhudza core.

Kusinthanaku sikwaulere. Aliyense amene anagayitsapo amadziwa kuti pochoka pa mgaiwa kupita pa ufa woyera, kapena wina akabwera ndi chimera cha thobwa, makina amaima, sefa imasinthidwa, zotsalira zimagwedezedwa. Nthawi imeneyo palibe chomwe chikugayidwa. Kuchotsa thread ndi kuikapo ina kumatenga timagawo tochepa mwa magawo miliyoni a sekondi, zomwe pazokha n'zosadetsa nkhawa. Chodula ndi chomwe chimabwera pambuyo. Core iliyonse ili ndi kamemori kakang'ono kachangu kwambiri pafupi nayo, kotchedwa cache, momwe imasunga zomwe yangogwiritsa ntchito. Kutenga chinthu mu cache yapafupi kuli ngati kutola mchere pa alumali, pomwe kukachitenga mu RAM, memori yaikulu ya makinawo, kuli ngati kupita ku golosale, ndipo kumachedwa kuwirikiza makumi ambiri. Thread yatsopano ikafika imapeza pa alumali pali katundu wa mnzake. Imayamba kutuma ku golosale chinthu chilichonse, kwinaku ikutaya za mnzakeyo, ndipo mnzakeyo akadzabwerera zimamuchitikiranso chimodzimodzi. Pa chifukwa chomwechi scheduler simakonda kusamutsa thread kuchoka pa core ina kupita pa ina. Imayesetsa kuibwezera pomwe inali, pokhapokha core ina ikakhala kuti ilibiretu ntchito.

Apa pali kukokana komwe sikudzatha. Kanthawi ka aliyense kakatalika, makina amagaya zambiri koma wapamzere amadikira nthawi yaitali, ndipo inu mumamva ngati foni yauma. Kakafupika, aliyense amayankhidwa msanga koma nthawi yambiri imathera posintha sefa.

Ndiye alowe ndani tsopano? Windows imagwiritsa ntchito maudindo 32, kuyambira 0 mpaka 31. Waudindo waukulu akakhala pa mzere amalowa iye, ofanana udindo amasinthana. Kuyambira 16 kupita m'mwamba ndi a ntchito zosafunika kuchedwa ngakhale pang'ono. Kuti ang'onoang'ono asafe ndi njala, Windows imakweza udindo kwa kanthawi thread yomwe yangodzuka, makamaka yomwe imadikira kiyibodi, ndiponso yomwe yaima pa mzere pafupifupi masekondi 4 osalowa. Linux, yomwe ndiyonso maziko a Android, inatenga njira ina. Kuyambira mu 2007 inkagwiritsa ntchito scheduler yotchedwa CFS, yolembedwa ndi Ingo Molnár, yemwe anavomereza kuti maganizo ena anawatenga kwa Con Kolivas, dotolo wogonetsa odwala pa opaleshoni wa ku Australia yemwe ankalemba mapulogalamu akaweruka ku chipatala. Lamulo la CFS ndi lomwe mayi aliyense wogawa ndiwo amalidziwa: amene wadya pang'ono kuposa onse ndiye alandire. Imawerengera nthawi yomwe thread iliyonse yakhala pa core, n'kusankha yotsalira m'mbuyo. Palinso nambala yotchedwa nice, kuyambira -20 mpaka 19. Nambalayo ikakwera, thread imakhala yaulemu kwambiri ndipo imalandira gawo lochepa. Mu 2023, pa Linux 6.6, CFS inalowedwa m'malo ndi EEVDF, yomwe imayang'anabe chilungamo chomwecho koma imaonanso kuti ndani akufunika kuyankhidwa msanga.

Ine ndimaona kuti mbali imeneyi anthu amaikuza kuposa mmene ilili. Ma scheduler a masiku ano ndi abwino onse. Pomwe zinthu zimathina ndi pa nkhokwe imodzi ija.

Buku limodzi, olemba awiri

Tengani gulu la banki m'khonde. M'buku mwalembedwa kuti m'bokosi muli K50,000. Alembi awiri akulandira ndalama panthawi imodzi. Woyamba walandira K10,000, wasuzumira m'buku, waona 50,000, akuwerengera m'mutu. Asanalembe, wachiwiri yemwe walandira K5,000 wasuzumiranso, naye waona 50,000. Woyamba walemba 60,000. Wachiwiri wafufuta, walemba 55,000. M'bokosi muli K65,000, buku likuti K55,000, ndipo palibe amene waba kapena kulakwitsa masamu. Ma thread awiri akamasintha nambala imodzi zimachitika chimodzimodzi, chifukwa kuwonjezera kokhako ndi zochita zitatu, kuwerenga, kuwerengera ndi kulemba, ndipo kawotchi kaja katha kulira pakati penipeni. Vutoli limatchedwa race condition. Kuipa kwake n'kwakuti siliwoneka tsiku lililonse. Pulogalamu itha kuyenda bwino maulendo miliyoni, n'kudzalakwa tsiku lomwe awiriwo akumana pa kamphindi kolakwika, ndipo mukati muliyese kuti mulione silibweranso.

Pa 14 Ogasiti 2003 magetsi anazima kumpoto chakum'mawa kwa America ndi ku Ontario ku Canada, anthu pafupifupi 50 miliyoni n'kukhala mu mdima. Ife kuzima kwa magetsi sitikudabwa nako, koma kumeneko inali nkhani yaikulu. Chinayamba ndi mawaya omwe anakhudza mitengo ku Ohio. Chomwe chinakulitsa zinthu n'chakuti pulogalamu yochenjeza ogwira ntchito m'chipinda choyang'anira magetsi inali itaima mwakachetechete chifukwa cha race condition, ndipo iwo anakhala osadziwa kuti zinthu zikuipa.

Mankhwala ake gulu lililonse lanzeru lingawapeze lokha: cholembera chikhale chimodzi, ndipo wosagwira cholembera asatsegule buku. Pa kompyuta cholembera chimenechi chimatchedwa mutex, ena amangoti loko. Maziko a njira zotere anayalidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi Edsger Dijkstra wa ku Netherlands. Thread ikafuna kusintha nambala ija imatenga kaye cholembera, ikamaliza imabweza. Ikapeza chili ndi wina, ili ndi njira ziwiri. Itha kuima pompo n'kumafunsa mobwerezabwereza ngati mnzakeyo wamaliza, zomwe zimathandiza ngati kudikirako n'kwa kamphindi koma zimawotcha core pachabe. Kapena itha kugona, operating system n'kudzaidzutsa cholembera chikapezeka, zomwe zimabweretsa mtengo wosintha sefa uja. Maloko ambiri a masiku ano amaphatikiza: amafunsa kangapo, zikakanika amagona.

Buku lakonzeka, koma taonani zomwe tataya. Tinalemba alembi awiri kuti ntchito ifulumire, pano mmodzi amangoyang'ana mnzake akulemba. Mukawonjezera alembi kufika 8, asanu ndi awiri amakhala pa mzere wa cholembera. Mapulogalamu ambiri omwe amati ndi a ma thread ambiri amayenda chonchi, ma core ali mbwee koma ntchito ikuyenda ngati core ndi imodzi.

Zolembera zikachuluka pamabwera tsoka lina. Atsikana awiri atumidwa kukakonola. Wina wafikira kutenga mtondo, mnzake watenga munsi. Wa mtondo akudikira munsi, wa munsi akudikira mtondo, ndipo palibe amene akufuna kusiya chomwe wagwira. Anthu akhoza kukangana n'kugwirizana, koma ma thread alibe nzeru zotere, amadikirana mpaka wina adzazimitse makina. Imeneyi ndi deadlock, ndipo operating system nthawi zambiri siilowererapo, imangoona ma thread awiri akugona mwamtendere. Kupewa kwake n'kosavuta kunena: aliyense aziyamba watenga mtondo, munsi pambuyo. Kuonetsetsa kuti lamulolo likutsatidwa mu pulogalamu yaikulu yolembedwa ndi anthu mazana ndiye ntchito.

Ndipo pali vuto lomwe ndimalikonda kuposa onse, chifukwa aliyense amakhala akutsatira lamulo koma zotsatira zake n'zopusa. Ngolo ya ng'ombe yalowa pa kamlatho kopapatiza. Kumbuyo kwafika ambulansi, siingadutse mpaka ngolo itatuluka. Kutsogolo kwa mlathowo msewu ukulowa mu M1, ndipo wapolisi akulola maminibasi kudutsa kaye chifukwa minibasi imaposa ngolo. Ngolo yaima, ambulansi yaima, maminibasi akungodutsa. Minibasi yapambana ambulansi popanda wina kufuna kutero.

Izi zinachitikadi, osati pa Linthipe koma pa pulaneti ya Mars. Chombo cha Mars Pathfinder cha bungwe la NASA chinatera kumeneko pa 4 Julaye 1997, ndipo patapita masiku ochepa kompyuta yake inayamba kumadzizimitsa n'kuyambiranso. Thread yaudindo wochepa yosonkhanitsa za nyengo inkagwira loko wa malo opatsirana uthenga. Thread yofunika kwambiri inkadikira lokoyo. Ntchito zaudindo wapakati zinkalanda core kwa ya nyengo ija, moti sinkamaliza kuti ibweze. Mlonda wa mkati, kapulogalamu koyang'anira makinawo, ataona kuti ntchito yofunika yachedwa ankaganiza kuti makina asokonekera, n'kuwayambitsanso. Mainjiniya analipeza vutolo pa makina ofanana nawo omwe anali nawo pansi pano, n'kutumiza chikonzero ku Mars. Anayatsa lamulo lomwe operating system yake, VxWorks, inali nalo kale: wogwira loko abwereke udindo wa amene akumudikira. Kunena kwina, wapolisi aitenge ngolo ngati ambulansi mpaka ichoke pa mlatho.

Mutu umodzi susenza denga, n'zoona. Koma si ntchito iliyonse yomwe ili denga. Amalume akamakweza kachewere pa Lizulu, tinene kuti ntchito yonse kwa munthu mmodzi ndi mphindi 100. Mphindi 10 ndi zokambirana mtengo ndi kuwerenga ndalama, zomwe amachita okha, sangapatse wina. Mphindi 90 ndi zonyamula matumba. Akalemba aganyu 8, kunyamulako kumatsika kufika mphindi 11 ndi pang'ono, ntchito yonse n'kukhala mphindi 21. Yafulumira kosakwana kasanu, osati kasanu ndi katatu. Akalemba aganyu 90, ndi mphindi 11. Ataitana Lizulu yense, sizingatsike kupitirira mphindi 10. Masamu amenewa anawafotokoza Gene Amdahl mu 1967, ndipo mpaka lero amatchedwa lamulo la Amdahl. Komanso masamuwa ndi okoma mtima, sawerengera kuti khomo la lole ndi limodzi ndipo aganyu 90 angamagundane, kugwetsana ndi kutukwanana mpaka ntchito kuchedwa kuposa ya anthu 10. Pa kompyuta zimatero ndithu: pali poti mukafika, kuwonjezera ma thread kumachedwetsa pulogalamu.

Nanga bwanji opanga mapurosesa amangowonjezera ma core? Sanachitire mwina. Mpaka cha m'ma 2004 ankangothamangitsa core imodzi chaka ndi chaka, mpaka purosesa ya kampani ya Intel yotchedwa Pentium 4 inafika liwiro la 3.8 GHz, kutentha ndi kudya magetsi n'kufika posapiririka. Mu 2005 Intel ndi AMD anayamba kugulitsa mapurosesa a ma core awiri a makompyuta wamba. Chisanafike chimenecho, mu 2002, Intel inali itabweretsa Hyper-Threading, pomwe core imodzi imanyamula ma thread awiri n'kumagwira ya wachiwiri pamene woyamba akudikira katundu wa ku golosale. N'chifukwa chake laputopu itha kulembedwa ma core 4 ndi ma thread 8. Musawerenge ngati zigayo 8. Ndi zigayo 4 zokhala ndi pothirira pawiri, ndipo phindu lake ndi gawo chabe la core yathunthu.

M'mafoni munalowanso nkhani ya batire. Mu 2011 kampani ya ARM inalengeza njira yotchedwa big.LITTLE, yosakaniza ma core akuluakulu achangu koma odya moto ndi ang'onoang'ono oyenda pang'onopang'ono koma osunga batire. Zili ngati pa siteji pomwe pali kabaza wa njinga yamoto ndi wa yakapalasa. Scheduler tsopano imasankha ziwiri, alowe ndani ndipo akwere iti. Kutsegula pulogalamu kumafuna yamoto, kulandira mauthenga foni ili m'thumba kumakwanira pa yakapalasa. Intel inabweretsa maganizo omwewa pa makompyuta mu 2021, ndipo Windows 11 inakonzedwa kuti izilandira malangizo kuchokera ku purosesa pa za thread yoyenera core yaikulu. Pamwamba pa zonsezi pali kutentha. Purosesa ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Foni yomwe ikuthamanga bwino m'mawa wa mu Juni ku Bembeke itha kufooka masana a mu Okutobala mukatsikira ku Golomoti, makamaka ili pa chaja komanso padzuwa.

Kwa achinyamata omwe ayamba kulemba mapulogalamu, mawu ochepa. Ngati ntchito yanu ndi yowerengera yokhayokha, ma thread opitirira chiwerengero cha ma core sakupindulirani kanthu. Ngati ndi yodikira netiweki, atha kuchuluka, koma musamalenge thread yatsopano pa kantchito kalikonse. Khalani ndi gulu lochepa lokhazikika lomwe lizitenga ntchito pa mzere. Thread iliyonse imasungiridwa malo a stack, 1 MB pa Windows ndipo kawirikawiri 8 MB pa Linux, ngakhale kuti sadzaza onse. Zilankhulo zina zinapeza njira yozembera: Go ili ndi ma goroutine, Java 21 ya 2023 ili ndi ma virtual thread, tintchito topepuka tomwe chilankhulocho chimasinthanitsa chokha pa ma thread enieni ochepa. A Python dziwani kuti mtundu womwe ambiri timagwiritsa ntchito uli ndi loko mmodzi wamkulu, GIL, yemwe salola ma thread awiri kuyendetsa malangizo a Python panthawi imodzi. Mtundu wopanda lokoyu unayamba kuyesedwa mu Python 3.13 ya 2024.

Tibwerere ku foni ya amalume. Nditaiona, ma core 8 aja anali ang'onoang'ono onse, mtundu wa yakapalasa, popanda wamkulu ngakhale mmodzi. Mafoni ambiri otsika mtengo ali choncho. Pomwe iPhone kuyambira mu 2017 mitundu yake yambiri imakhala ndi ma core 6 okha, awiri akuluakulu ndi anayi ang'onoang'ono, ndipo palibe amene amaidandaula za liwiro. Chifukwa chake n'chakuti pa Android pulogalamu iliyonse ili ndi thread imodzi yaikulu yomwe imamva chala chanu ndi kukonza zoti zioneke. Sikirini yomwe imasintha chithunzi maulendo 60 pa sekondi imapatsa thread imeneyo mamilisekondi osakwana 17 pa chithunzi chilichonse. Ikachedwa, mumaona kudukizadukiza. Ikakhala masekondi 5 osayankha chala, Android imatulutsa uthenga uja woti pulogalamu sikuyankha, mudikire kapena muitseke. Thread imodzi imakhala pa core imodzi panthawi imodzi, ndiye liwiro lomwe chala chanu chimamva ndi la core imodziyo. Asanu ndi awiri enawo atha kukhala akupalasa ntchito zina, koma sangaikankhe.

Chachiwiri chinali RAM. Pa bokosi analemba manambala awiri ophatikiza, koma RAM yeniyeni inali 2 GB, inayo ndi malo obwereka ku sitoreji, mosungira zithunzi, mavidiyo ndi mapulogalamu, omwe ndi ochedwa kwambiri. RAM ikachepa, Android imatseka mapulogalamu omwe simukuwayang'ana kuti ipeze malo. Ndiye amalume akachoka pa WhatsApp kukaona ndalama pa foni n'kubwerera, WhatsApp imakhala itatsekedwa, ikuyamba kuwerengedwa kuchokera pansi. Nthawi yomwe iwo amati ikuganiza, thread yaikulu imakhala ikudikira sitoreji. Sitorejiyo nayo inali itatsala pang'ono kudzaza ndi mavidiyo a m'magulu a mpingo, a mudzi ndi a ochita malonda.

Tinachotsa mapulogalamu awiri omwe amati ndi oyeretsa ndi kufulumizitsa foni. Ntchito yawo yaikulu ndi kutseka mapulogalamu omwe Android iyenera kudzatsegulanso, kwinaku iwo eni akudya RAM ndi kuonetsa zotsatsa malonda. Tinazimitsa kutsitsa mavidiyo kongochitika kokha, tinafufuta omwe analipo atasankha oti asunge, n'kuika Facebook Lite m'malo mwa yaikulu ija. Foni inapepukirako, osati kwambiri. Amalume anaitembenuza, n'kuyang'ananso pa bokosi lomwe anabwera nalo m'jumbo.

"Ndiye ukuti ndinalemba aganyu 8 a njinga zakapalasa, katundu wake ndi thumba limodzi?"

"Eya, amalume. Thumbalo lilinso ku Tsangano, onse akulidikira."

Anati akadzagulitsa kachewere wa dzinja lino tidzapitire limodzi kukasankha ina, ndipo ndidzawerenge ine za kuseri kwa bokosi.